Nyumba ya lendi imadyetsa mwini wake tenanti akakhalitsa

Munthu akagwira ntchito m'tauni zaka zingapo, imafika nthawi imene amayamba kuwerenga zaka zomwe zamutsalira kuti apume. Akafika pamenepo, ganizo lobwera msanga ndi la nyumba ya lendi. Mphunzitsi, namwino, dalaivala wa thiraki, mayi wogulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka, mnyamata amene ali ku Joni, onse mudzawamva akunena zofanana: ndingopeza kapuloti, ndimangepo tinyumba tiwiri, ndizidya lendi. Ganizoli ine ndimagwirizana nalo. Ndili ndi tinyumba tanga ta lendi ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo ndi timene tinalipira fizi ya ana anga nthawi zimene malipiro ankathera panjira. Komabe ndaona anzanga ambiri akukwirira penshoni yonse m'makoma amene sanawabwezere kanthu, ndipo zimandipweteka, chifukwa ndalama imeneyo munthu saipezanso kachiwiri.

Ofuna nyumba alipo, pamenepo musakayike. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, 800,264 mu Blantyre ndi 221,272 mu Mzuzu, ndipo chichokereni nthawi imeneyo anthu sanasiye kubwera m'tauni. Malawi Housing Corporation, imene inakhazikitsidwa mu 1964, nyumba zake n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi khamu limeneli. Amene akusunga anthu ku Ndirande, ku Bangwe, ku Kawale, ku Chinsapo, ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa ndi alandilodi ang'onoang'ono ngati inu ndi ine. Koma kuchuluka kwa ofuna nyumba sikumene kumabweretsa phindu. Phindu limabwera ndi munthu mmodzi amene walowa m'nyumba mwanu, wakhazikika, akulipira mwezi ndi mwezi kwa zaka zinayi kapena zisanu osaganiza zosamuka. Zonse zimene ndinene pano zikuloza kwa munthu ameneyo.

Tiyambe ndi masamu, poti ndi amene ambiri timawazemba. Tiyerekeze kuti puloti ndi kumanga zakudyerani K30 miliyoni, ndipo anthu a dera limenelo angakwanitse kulipira K200,000 pamwezi. Pachaka ndi K2.4 miliyoni. Ndalama yanu ibwerera patatha zaka 12 ndi theka, ndipo apo ndiye kuti nyumba sinakhalepo yopanda munthu, paipi sinaphulike, loko sanathyoke, khonsolo sinabwere ndi msonkho wake. Zotere sizichitika. Ine powerengera ndimachotseratu miyezi iwiri pachaka, umodzi wa lendi yosalowa, wina wa zokonzakonza. Mukatero, zaka zija zimafika 15.

Tsono onani zimene zimachitika mukamangira ngongole. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo ngongole ya munthu wamba ku banki imakhala pamenepo kapena kuposa. Pa K30 miliyoni, chiwongoladzanja chokha ndi K7.8 miliyoni pachaka, pamene lendi ikukupatsani K2.4 miliyoni. Nyumba yoteroyo ndi ya banki, inu mukungoisamalira, ndipo tsiku lina mudzaiona mu nyuzipepala ili pamalonda. Za katapila ndiye ndisanene n'komwe. Njira imene ndaiona ikugwira kwa anthu a malipiro ngati athu ndi yomanga pang'onopang'ono: malipiro, chipereganyu, kangachepe ka ku banki mkhonde kogulira malata, mpaka nyumba imodzi ithe. Imodzi yokha. Ilowe munthu, lendi yake igule simenti ya yachiwiri. Amene amakumba fawundeshoni ya nyumba zinayi nthawi imodzi ndi amene makoma awo mumawaona atayima pa lintala zaka zisanu, udzu utamera m'kati, njerwa zikusungunuka ndi mvula.

Mwina mufunsa kuti ngati ndalama ikubwerera mochedwa chonchi, tikuvutikiranji. Yankho lili pa kwacha. Mu May 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Amene anasunga ndalama mu akaunti anadzuka m'mawa atasauka, koma amene anali ataisandutsa puloti, simenti ndi malata sanataye kanthu. Nyumba imasunga thukuta lanu kuti lisasungunuke, ndipo lendi ndi kadyedwe kapamwamba. Mukalowa ndi mtima umenewu simudzapanikiza tenanti kuti akubwezereni ndalama yonse m'zaka zitatu.

Malo ndi pamene anthu ambiri amalirira. Puloti ya m'tauni imatha kukhala ya Unduna wa za Malo, ya khonsolo ya mzinda, ya Malawi Housing Corporation, ya munthu amene ali ndi mapepala ake, kapena ya kwa mfumu m'madera amene tauni yangowapeza. Musanatulutse khobidi, dziwani kuti yanuyo ili m'gulu liti, ndipo mupite nokha ku ofesi yoyenera kukafufuza dzina limene lili m'kaundula. Nokha, osati kutuma dobadoba. Dobadoba amadya malonda akachitika, ndiye sangakuuzeni kuti pulotiyo inagulitsidwa kale kwa anthu awiri, kapena kuti ndi ya masiye ndipo wogulitsayo ndi mwana mmodzi mwa asanu ndi awiri. Ngati ndi malo a kwa mfumu, kalata ya mfumu ikhalepo, abale a wogulitsa asayine ngati mboni, oyandikana nawo aitanidwe aloze malire pamaso pa onse, ndipo musachedwe kuyamba ndondomeko ya lizi. Mukhalenso ndi nthawi yocheza ndi amayi a nyumba zoyandikana popanda wogulitsa. Iwo amadziwa mbiri ya puloti iliyonse kuposa ofesi.

Puloti mukaione mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pakati. M'chilimwe malo onse amaoneka abwino. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche mu March 2023 safunika kuuzidwa zambiri, ndipo ku Lilongwe anthu a ku Mtandire amadziwa zimene mtsinje wa Lingadzi umachita ukadzadza. Puloti ya m'dambo, ya m'mphepete mwa mtsinje kapena ya pamtsetse wa phiri imatchipa pa chifukwa. Mukamanga pamenepo mwaika ana a munthu wina pangozi, ndipo mlandu umenewo ndi wolemera kuposa ndalama iliyonse imene mungataye. Mapulani nawo apite ku khonsolo avomerezedwe. Zimachedwa, zimatopetsa, koma makhonsolo amagwetsa nyumba zomangidwa popanda chilolezo, ndipo tsiku logwetsa palibe amene amakubwezerani simenti.

Funso lina limene timalidumpha ndi lakuti tikumangira ndani. Ambiri timamanga nyumba imene ifeyo tikadakonda kukhalamo, osati imene anthu a deralo angalipire. Ku Area 25 amene amandigogodera ndi ogwira ntchito ku Kanengo, aphunzitsi, apolisi, mabanja achinyamata a mwana mmodzi kapena awiri. Amafuna zipinda ziwiri ndi pabalaza, madzi, magetsi, mpanda, ndiponso kuti siteji ya minibasi isatalikire. Pafupi ndi Mzuzu University ku Luwinga, kapena ku Chikanda ku Zomba, ofuna malo ndi ophunzira, ndipo kumeneko masamu ake ndi a bedi, osati a nyumba, komanso muziwerengeratu miyezi ya holide. M'madera ngati Mgona kapena Mbayani, mdadada wa zipinda umadzadza msanga kuposa nyumba yaikulu ya selefu. Musanajambulitse pulani, yendani m'deralo ngati munthu wofuna nyumba, mufunse mitengo makomo khumi, muone nyumba zimene zakhala nthawi yaitali zopanda anthu, mudzifunse chifukwa chake. Lendi imaikidwa ndi dera. Matailosi okwera mtengo ndi siling'i yamaluwa sizingakweze lendi kudutsa pamene matumba a anthu a kumeneko amalekezera.

Ndalama muiike pamene maso saona. Fawundeshoni yakuya bwino, mankhwala a chiswe asanathire konkire, pepala loletsa chinyontho kukwera m'khoma, simenti yokwanira mumatope omangira, mawaya a magetsi oikidwa ndi munthu wa satifiketi, malata a geji 28 m'malo mwa 32 amene amaboola msanga. Ngalande yochotsa madzi kuzungulira nyumba ndi yotchipa, koma ndi imene imapulumutsa makoma. Mmisiri muzimulipira ntchito ikafika pamene munagwirizana, osati patsogolo, ndipo simenti muziwerenga nokha matumba m'mawa ndi madzulo. Si kuti amisiri onse ndi akuba, ambiri ndi anthu okhulupirika, koma katundu wosawerengedwa amayesa munthu aliyense.

Tsopano ndifike pa zinthu zitatu zimene ndaona zikusamutsa matenanti abwino kuposa china chilichonse: chimbudzi, madzi ndi mita.

Pali alandilodi amene amamanga zipinda zisanu ndi zitatu pa puloti imodzi, malo onse n'kudzadza, kenako chimbudzi chimodzi chokumba n'kuchikankhira pakona, bafa la chiguduli pambali pake. M'mawa uliwonse anthu makumi awiri ali pamzere. Chikadzadza, landilodi akuti matenanti asonkhe. Izi n'zolakwika, ndipo ndikunena ngati landilodi mnzanu. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo m'matauni anayenda kwambiri m'malo othinana opanda zimbudzi zokwanira ndi madzi abwino. Siyani chipinda chimodzi osamanga, malo akewo mumangepo zimbudzi ndi mabafa okwanira, a simenti, a zitseko zotsekeka. Musiyenso njira yoti galimoto yopopa idzathe kufika pa thanki kapena pa dzenje. Mayi amene ali ndi ana aang'ono akapeza nyumba ya chimbudzi chaukhondo ndi mpopi pakhomo, sasamuka wamba, ngakhale wina amuuze za nyumba yotchipirapo.

Mita ndiye gwero la milandu yambiri pa mapuloti. Mita imodzi ya ESCOM, mabanja anayi. Wina ali ndi filiji ndi hotipuleti, wina ali ndi babu limodzi ndi tchaja ya foni, koma akuti asonkhe mofanana. Mayunitsi akatha usiku, aliyense akuloza mnzake, ndipo mawa amayi sakupatsana moni. Amene amatopa msanga n'kuchoka ndi uja wolipira bwino, wosakonda phokoso, amene inu mumafuna atakhala. Choncho nyumba iliyonse ikhale ndi mita yakeyake ya pulipeidi. Kulembetsa kumadya ndalama ndipo kudikira kwake n'kotalika, n'chifukwa chake muyambe kufunsira nyumba isanathe. Madzi chimodzimodzi. Kumene a Water Board akuika mamita a pulipeidi, pemphani. Kumene kulibe, muziona bilu mwezi uliwonse ndi maso anu, chifukwa ngongole ya madzi imatsalira pa nyumba, tenanti atapita. Ndipo wina akabwera kukunong'onezani kuti angakulumikizireni magetsi mwachidule, mukaneni. Chindapusa chake ndi chachikulu, ndipo moto ukabuka umapsereza anthu ali m'tulo.

Kusankha munthu wolowa m'nyumba kumafuna kudekha. Nyumba ikakhala mwezi yopanda munthu mtima umathamanga, ndipo woyamba kubwera ndi ndalama ya miyezi itatu m'manja timamupatsa makiyi tsiku lomwelo. Ndalama ya miyezi itatu imangosonyeza kuti lero ali nayo. Chimene mukufuna kudziwa ndi mwezi wachinayi. Mufunseni kumene amapeza ndalama, akhala angati m'nyumbamo, akuchokera kuti ndipo akuchokeranji. Pemphani nambala ya landilodi wake wakale, muimbe. Koma musasankhe poyang'ana mtundu, chipembedzo kapena chigawo chimene munthu akuchokera, ndipo musakanize mayi nyumba chifukwa alibe mwamuna. Mwa anthu amene andilipira mokhulupirika kwambiri, ambiri ndi amayi a geni olera okha ana.

Pangano lilembedwe, ngakhale nyumbayo ndi ya chipinda chimodzi. Tsamba limodzi likwana, m'Chichewa chomveka: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, dipoziti ndi zingati ndipo idzabwezedwa bwanji, notisi ndi ya nthawi yaitali bwanji mbali zonse ziwiri, zokonza za landilodi ndi ziti, za tenanti ndi ziti, lendi idzaunikidwanso liti. Musayine nonse pamaso pa mboni, aliyense atenge pepala lake. Tsiku lolowa yendani limodzi m'nyumbamo, mujambule ndi foni makoma, mawindo, masinki ndi nambala za pa mita. Lendi izidzera pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki, kuti umboni uzikhalapo. Ikabwera pamanja, lisiti lilembedwe pompo. Mawu akuti "tinagwirizana pakamwa" ndawamva kambirimbiri pamilandu ya kwa mfumu ya m'dera, ndipo sathandiza aliyense.

Kukweza lendi ndi pamene umunthu wa landilodi umaonekera, komanso nzeru zake. Kwacha itagwa mu November 2023, ena anakweza lendi ndi theka mwezi womwewo, ati simenti yakwera. Simenti inakweradi, koma malipiro a tenanti sanakwere tsiku limenelo, ndipo ufa, mafuta ophikira ndi thiransipoti zinali zitamukwerera kale. Bwererani ku masamu aja. Pa nyumba ya K200,000, mukakweza ndi K40,000 mupeza K480,000 yoonjezera pachaka. Munthuyo akachoka, nyumba n'kukhala miyezi iwiri yopanda munthu, mwataya K400,000, kuonjezapo penti, maloko atsopano ndi ya ejenti. Phindu lija latha, ndipo amene walowayo simukumudziwa. Ine ndimakweza kamodzi pachaka, pang'ono, nditapereka notisi ya miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ndimapita ndekha kukakhala pansi ndi munthuyo kumufotokozera. Wokhalitsa ndimamusiyira lendi yotsikirapo kuposa imene ndingatchulire mlendo. Kusakweza konse nakonso n'kolakwika, chifukwa pakatha zaka zinayi mudzafuna kulumpha kamodzi, ndipo pamenepo mpamene chibale chimathera.

Tenanti adzalephera kulipira nthawi ina, ngakhale wabwino kwambiri. Ntchito imatha, maliro amagwa, malipiro amachedwa. Walira mvula walira matope. Munthu amene wakulipirani bwino zaka zitatu akabwera yekha tsiku lisanakwane n'kunena kuti bambo, mwezi uno zandivuta, mumvereni, mugwirizane tsiku, mulembe. Amene amazimitsa foni n'kumalowa m'nyumba usiku ndi nkhani ina, ndipo musalole ngongole yake idutse miyezi iwiri musanapereke notisi yolemba, chifukwa ikafika miyezi isanu sangathenso kuibweza, chotsatira n'kusamuka usiku. Koma zivute zitani, musazule chitseko, musasasule malata, musatseke madzi, musatulutse katundu wa munthu panja ana ake akuona. Mchitidwe umenewu ulipo m'makwalala athu ndipo ndi wochititsa manyazi. Ungakusandutseninso inuyo wolakwa pamaso pa lamulo. Njira ilipo: notisi, kukambirana pamaso pa mboni kapena mfumu ya m'dera, zikakanika kukhoti. Ndi yochedwa, koma mukaidutsa mumagona tulo.

Zokonza musazengereze nazo. Tenanti akaimba kuti denga likudontha, pitani sabata yomweyo. Lendi ya mwezi umodzi pachaka ikhale pa akaunti yakeyake imene simuikhudza ngakhale pa Khirisimasi, ndipo mwezi wa Okutobala mukwere padenga ndi mmisiri, muone misomali, mutsegule ngalande mvula isanayambe. Mukapita kukaona nyumba muzidziwitsa kaye. Nyumbayo ndi yanu, koma pakhomopo ndi pa eni ake amene akulipira, ndipo landilodi wongotulukira n'kumasuzumira m'miphika amathawitsa anthu.

Za achibale ndinene mwachidule, ngakhale n'zowawa. Mlamu kapena mphwanu akalowa m'nyumba ya lendi, dziwani kuti mwamupatsa, simunamubwereke. Ngati mtima wanu ndi wofuna kuthandiza, thandizani mukudziwa kuti lendi simudzaiona, ndipo musadzadandaule. Ngati nyumbayo ndi imene mukudalira pa ukalamba wanu, kuli bwino kumuthandiza ndi ndalama akapeze nyumba kwina.

Abale athu a ku Joni, ku UK ndi kwina, nkhani yanu ndi yomvetsa chisoni kwambiri, chifukwa ndalama zanu mumazipeza movutika. Ambiri atumiza ndalama zaka ndi zaka, akulandira zithunzi za nyumba ya eni ake, n'kudzapeza puloti ili ndi mulu wa mchenga basi. Puloti ilembedwe m'dzina lanu, osati la achimwene. Wogula zipangizo akhale wina, woyang'anira ntchito akhale wina, ndipo woyang'anirayo muzimulipira kuti akhale ndi chifukwa chokuuzani zoona. Simenti ndi malata mungathe kulipira mwachindunji ku sitolo. Muziimba pa vidiyo munthu atayima pa pulotipo, akuonetseni msewu ndi nyumba zoyandikana. Nyumba ikatha, lendi izilowa mu akaunti yanu, wosamalira nyumba muzimupatsa gawo lake lodziwika.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Khonsolo imafuna msonkho wa nyumba, malo a lizi ali ndi ndalama yake ya pachaka kwa mwini nthaka, ndipo ndalama ya lendi ndi phindu limene bungwe lotolera misonkho la MRA limaliwerengera msonkho. Mukabwereketsa nyumba kwa kampani kapena bungwe, iwo amadula msonkho asanakupatseni, ndiye muzitenga satifiketi yake n'kusunga. Ngongole za misonkhozi zimaunjikana mwakachetechete, ndipo zimadzatulukira tsiku limene mukufuna kugulitsa nyumba kapena kusintha dzina.

Chinthu china chimene alandilodi anzanga safuna kumva ndi wilu. Nyumba za lendi ndi zimene zimayambanitsa abale pamaliro kuposa katundu wina aliyense, chifukwa zimatulutsa ndalama mwezi ndi mwezi ndipo aliyense amadziwa kuti ndi zingati. Ndaona matenanti akulandira anthu atatu osiyana pa mwezi umodzi, aliyense akuti lendi muzipereka kwa ine, mpaka onse kusamuka, nyumba n'kusanduka bwinja mayi wamasiye ndi ana akuvutika. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, koma kuti banja lifike kukhoti n'kupeza chilungamo pamapita nthawi ndi ndalama. Lembani wilu muli moyo ndi mphamvu. Akazi anu kapena amuna anu adziwe kumene kuli mapepala a malo, mapangano a matenanti ndi kope lolembamo lendi, ndipo tsiku lina muwatenge mukawaonetse kwa matenanti onse, kuti adziwane nkhope.